Sabata ku Lusaka: kashiamu, mitolo ya actin ndi madzi a pa mjigo

Lamlungu, pa msewu wa Great East

Tawoloka malire a Mchinji ndi Mwami dzuwa lisanakwere. Kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570: Katete, Petauke, Nyimba, kutsetsereka kukawoloka mlatho wa Luangwa, kenako Chongwe. Mu Okutobala chigwa cha Luangwa chimawotcha ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo katundu wathu sagwirizana ndi kutentha. M'bokosi la ayezi muli actin wa ufa wochokera ku minofu ya kalulu, ATP ndi DTT (mankhwala osunga actin kuti asawonongeke), ndi mapuloteni atatu omanga mitolo: L-plastin, alpha-actinin ndi fascin. Timachubu ta mapuloteni a m'madzi takutidwa ndi thonje kuti tisakhudze ayezi wochokera mufiriza, chifukwa puloteni ikaundana pang'onopang'ono n'kusungunukanso imachita zibuma, ndipo zibumazo zimadzakunamizani pa tsiku loyesa.

Ntchito ndi ya masiku asanu, pamodzi ndi ophunzira ndi akatswiri a labu ina mumzindawu. Funso ndi limodzi: kashiamu akakwera m'selo, mitolo ya actin imatani, ndipo munthu angaone bwanji zimenezo ali ndi centrifuge ya pa tebulo (makina ozunguza timachubu kuti zolemera zitsike pansi) ndi gel (yolekanitsira mapuloteni molingana ndi kukula kwawo) basi?

Kwa amene sanazolowere nkhaniyi. Selo lili ndi chimango chake, cytoskeleton, ndipo mbali yaikulu ya chimangocho ndi actin, puloteni ya 42 kDa (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni) imene imalumikizana n'kupanga ulusi wonenepa 7 nm. Ulusi umodzi umapindika msanga. Kuti selo liimike tizala ta m'matumbo, kapena selo loyera la m'magazi ligwire chimene likufuna kugwira, timaulusi timamangidwa pamodzi ndi mapuloteni a manja awiri, dzanja lina pa ulusi uwu, lina pa ulusi winawo. Selo likakhala phee, kashiamu woyenda momasuka mkati mwake amakhala pafupifupi 100 nM, pamene kunja amapitirira 1 mM. Kusiyanako ndi ka 10,000. Chitseko cha kashiamu cha pa khungu la selo chikangotseguka pang'ono, kashiamu amakwera kufika 1 µM kapena kuposa, ndipo ena mwa omanga mitolo aja amataya dzanja limodzi.

Lolemba, madzi

Tsiku lonse latha pa madzi ndi buffer (madzi a mankhwala oletsa pH, muyeso wa asidi, kusinthasintha), ndipo silinatayike. Lusaka wakhala pa miyala ya laimu ndi dolomite. Simenti ya ku Chilanga, kummwera kwa mzindawu, imachokera m'miyala yomweyo. Madzi a m'mijigo amadutsa m'miyalayi n'kutenga kashiamu wambiri. M'kachipinda komwera tiyi muli ketulo imene pansi pake pauma chikhokho choyera chokhuthala ngati chikhadabo. Mayi wosamalira zipangizo za m'labu anatikanda chikhokhocho ndi supuni n'kunena kuti, "Ba dokotala, manzi ya kuno yali na laimu maningi. Botolo mukaitsuka ku pompi, muitsukulenso katatu na manzi ya mu makina." Akunena zoona, ndipo pa ntchito yathuyi katatu n'kochepa. Kadontho ka madzi a pa mpope kotsalira m'botolo kakhoza kubweretsa kashiamu woposa wa m'selo lopuma kambirimbiri. Choncho zonse zikuyenda m'mabotolo a pulasitiki atsopano, ndi madzi amene makina akuonetsa 18.2 MΩ·cm. Galasi nalonso limasunga kashiamu n'kumamutulutsa pang'onopang'ono.

Ngakhale mutasamala chotani, madzi oyera okha sangakufikitseni pa 100 nM. Pamafunika chogwira kashiamu, ndipo chogwiracho ndi EGTA. EDTA ayi, chifukwa amalandanso magnesium amene actin akumufuna. EGTA wa ufa salowa m'madzi mpaka mutakweza pH ndi KOH. Ophunzira awiri anatakasa kwa theka la ola akudabwa kuti ufa sukusungunuka.

Tapanga mabotolo awiri a 100 mM, onse pa pH 7.2: lina la EGTA wopanda kanthu, lina la EGTA wodzaza kale kashiamu mmodzi pa mmodzi. Lachiwirili ndi lovuta. Ufa wa EGTA sukhala wathunthu monga alembera pa botolo, umayamwanso chinyezi, ndiye sikelo yokha siingakuuzeni kuti mwafananiza. Njira yake n'kumvera pH. EGTA akagwira kashiamu amataya ma proton awiri, pH n'kutsika. Mumayamba ndi kashiamu wochepera pang'ono pa amene mukufuna, kenako CaCl2 kadontho kadontho, kubwezera pH ndi KOH nthawi iliyonse, mpaka kadontho kotsatira kasatsitsenso pH. Apo ndiye mwafika.

Masamu ake ndi aafupi. Pa pH 7.2, mchere wa KCl uli pa 100 mM, kutentha madigiri 20, Kd ya EGTA, mlingo wa kashiamu womasuka pamene theka la EGTA lagwira kashiamu, ndi pafupifupi 150 nM. Kashiamu womasuka ndi Kd kuchulukitsa ndi EGTA wodzaza, kugawa ndi EGTA wopanda kanthu. Magawo 4 odzaza ndi 6 opanda kanthu akupatsani 100 nM. Magawo 9 ndi 1 akupatsani 1.35 µM. Wodzaza yekha pa 10 mM amapereka pafupifupi 39 µM. Pakati pa 1.35 ndi 39 EGTA sagwiranso bwino. Pamenepo mufunika chogwira kashiamu china, HEDTA, ndipo pulogalamu ya MaxChelator imathandiza kuwerengera.

Choopsa chili pa pH. Ikatsika kuchoka pa 7.2 kufika pa 7.0, Kd imakwera kawiri ndi theka. N'chifukwa chake takana buffer ya Tris m'timachubu toyesera n'kusankha ya MOPS. Tris amasintha pH pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse, ndipo labu imene m'mawa ili pa madigiri 22 masana a Okutobala ikhoza kupitirira 30. BAPTA, mnzake wa EGTA amene Roger Tsien anapanga mu 1980, sasamala kwambiri za pH, koma mtengo wake ndi wina.

Lachiwiri, actin ndi masache

Actin amasungidwa ali mmodzimmodzi mu buffer ya mchere wochepa: 2 mM Tris pa pH 8.0, 0.2 mM ATP, 0.5 mM DTT ndi 0.2 mM CaCl2. Werenganinso chomalizacho. Buffer imene imasunga actin ili ndi kashiamu woposa wa m'selo lopuma ka 2,000. Mukatenga actin wa 40 µM n'kumusungunula kakhumi kuti afike pa 4 µM, mwalowetsa 20 µM ya kashiamu m'kachubu kamene mwalembapo kuti mulibe kashiamu. Zotsatira zambiri zonena kuti plastin wa munthu wina ndi wakufa zimayambira pamenepa. Kachubu kopanda kashiamu ndi kamene muli EGTA, osati kamene simunathiremo CaCl2.

Ufa tinausungunula dzulo madzulo n'kuusiya usiku wonse pa madigiri 4 kuti tizidutswa ta ulusi timasuke. M'mawa tauzunguza pa 100,000 g (mphamvu yoposa kukoka kwa dziko ka 100,000) kwa ola limodzi, pa ultracentrifuge yopempha ku labu yoyandikana, n'kutenga magawo awiri mwa atatu a pamwamba. Kuchuluka kwa actin kumayezedwa ndi kuwala kwa 290 nm, pogwiritsa ntchito 26,600 pa molar pa sentimita, chifukwa pa 280 nm ATP amasokoneza. Kenako kusintha kashiamu amene wakhala m'thumba la actin mwiniwake: 0.2 mM EGTA ndi 50 µM MgCl2 kwa mphindi ziwiri, poti m'selo actin amanyamula magnesium. Mukathira 50 mM KCl ndi 1 mM MgCl2, ulusi umayamba kukula. Ola limodzi pa tebulo likwanira. Kuyambira apa nsonga za pipette zikhale zodula kukamwa, ndipo vortex yogwedezera timachubu musayiyandikire, imathyola ulusi.

Madzulo tinatsikira ku msika wa Soweto kukagula ayezi ndi mabeseni. Pafupi ndi ogulitsa tomato panali amayi a masache a udzu, ndipo tsache ndi phunziro la mawa lonse. Udzu umodzi sungasese, koma womangidwa ndi mphira pakhosi umaima nji. Momwemonso plastin: manja ake awiri ali pa puloteni imodzi, moyandikana, ndiye amafinya timaulusi mpaka kusiya mpata wa 12 mpaka 14 nm. Fascin amafinya koposa, pafupifupi 8 nm. Alpha-actinin ndi wina: awiri amagona motembenuzana, mutu kumiyendo, n'kupanga ndodo ya pafupifupi 35 nm yokhala ndi dzanja kumapeto konse. Mtolo wake ndi wotakasuka ngati makwerero, ndipo mpatawo ndi umene umalola myosin, puloteni yokoka actin, kulowa n'kukoka.

Lachitatu, L-plastin

Kayesedwe kake ndi kotere. Ulusi umodziumodzi wa actin sutsika pansi pa liwiro lochepa, koma mtolo umatsika. Ndiye m'kachubu ka 50 µL mumaika actin wa ulusi 4 µM, L-plastin 2 µM, 5 µL ya zosakaniza za EGTA zija, MOPS, KCl ndi 1 mM MgCl2. Kudikira mphindi 30. Kuzunguza pa 10,000 mpaka 14,000 g kwa mphindi 20. Kenako kuchotsa madzi a pamwamba mosamala, kusungunula nsenga za pansi m'muyeso womwewo wa 50 µL, n'kuthamangitsa zonse ziwiri pa gel ya 10%. Actin amaima pa 42 kDa, L-plastin chapafupi ndi 70.

Makina a kuno amaonetsa rpm yokha. Kusintha kwake: 0.00001118 kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pakati pa rotor (gudumu lonyamula timachubu) kufika pa kachubu m'masentimita, kuchulukitsa ndi rpm, n'kuchulukitsanso ndi rpm. Pa rotor ya masentimita 8.5, liwiro la 12,000 rpm ndi pafupifupi 13,700 g. Timachubu tiikidwe chotsekera chitaloza kunja, kuti mudziwe mbali imene nsenga zagona, popeza sizioneka ndi maso.

Ulendo woyamba unalephera. "Malaiti yaenda," anatero mnyamata wina centrifuge ili pa mphindi ya chisanu ndi chiwiri, ndipo jenereta isanadzuke rotor inali itaima, nsenga zosalimba zija zitabwerera m'madzi. Zikatero mumayambiranso mphindi 20 zonse, osangowonjezera zotsala. Gulu lina linaika BSA, puloteni ya m'magazi a ng'ombe, kuti puloteni isamatirire m'kachubu, ndipo BSA wa 66 kDa anakhala pamwamba penipeni pa mzere wa plastin. Gel yawo sinawerengeke.

Ulendo wachiwiri unaonetsa zimene zimayembekezeka. Pa EGTA yekha ndi pa 100 nM, actin wambiri anali m'nsenga pamodzi ndi plastin. Pa 1.35 µM nsenga zinachepa. Pa 39 µM actin anatsalira m'madzi a pamwamba ngati m'kachubu ka actin yekha. Fascin, amene kashiamu samukhudza mwachindunji, anamanga mitolo m'timachubu tonse, ndipo ndiye umboni woti actin mwiniwake sanawonongeke. Fascin amaletsedwa ndi njira ina, pamene puloteni ina, PKC, yaika phosphate pa amino acid yake yotchedwa serine 39.

Chimachitika n'chiyani mkati? Kumutu kwa plastin kuli malo awiri ogwirira kashiamu, otchedwa ma EF-hand. Dzinali linachokera ku ntchito ya Robert Kretsinger pa puloteni ya nsomba yotchedwa parvalbumin mu 1973: ndodo ziwiri zopotana, pakati pake kachingwe ka ma amino acid 12 kamene kamakumbatira kashiamu mmodzi. Kashiamu akakhala m'malo mwake, ma EF-hand amatseguka n'kugwira kandodo kena kamene kali pambuyo pawo, monga calmodulin, puloteni ina yomva kashiamu, amagwirira mapuloteni ena, ndipo dzanja lachiwiri la plastin limaleka kugwira actin. Dzanja loyamba silitaya. Tinatsimikiza izi pozunguza timachubu ta kashiamu wochuluka pa 100,000 g, pamene ulusi wonse umatsika: plastin anatsika nawo. Ndiye kugwira actin ndi kumanga mtolo ndi zinthu ziwiri, ndipo amene wayesa pa liwiro limodzi lokha waona theka la nkhani. Ife timaona kuti apa ndi pamene pali nzeru ya selo. Plastin sachoka pa ulusi. Kashiamu akangotsika, dzanja lachiwiri lili pomwepo kuti ligwirenso.

L-plastin ndi wa maselo oyera a m'magazi, ndipo phosphate pa serine 5 imamuwonjezera mphamvu yomanga. Abale ake ndi awiri: plastin 1 wa m'matumbo ndi m'khutu, ndi plastin 3 wa m'ziwalo zambiri, amene jini yake ili pa chromosome X. Mu 2013 zinadziwika kuti kuwonongeka kwa jini imeneyi kumabweretsa matenda ofewetsa mafupa amene amaoneka kwambiri mwa anyamata.

Lachinayi, nthutumba

Lero alpha-actinin wa mulabu ya kuno anamanga mitolo pa kashiamu aliyense, ngakhale pa 1 mM. Ophunzira anayamba kukayikira buffer. Buffer inalibe mlandu. Pa botolo panalembedwa kuti puloteniyo inachokera ku nthutumba ya nkhuku, yomwe ija imawotchedwa pa mbaula madzulo m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga. Nthutumba ndi mnofu, ndipo alpha-actinin wa m'minofu samva kashiamu.

Munthu ali ndi majini anayi a alpha-actinin. Wachiwiri ndi wachitatu ndi a minofu ya mtima ndi ya mafupa, kumene amagwira actin pa mzere wa Z, malire a tizigawo tokoka ta mnofu. Ma EF-hand awo anataya ma amino acid ogwirira kashiamu, ndipo m'pomveka: m'mnofu kashiamu amakwera pa kukoka kulikonse, ndiye nangula womasuka nthawi imeneyo angang'ambitse mnofu. Iwo amatsegulidwa ndi mafuta a pa khungu la selo otchedwa PIP2. Woyamba ndi wachinayi, a m'maselo ena, ndiwo amamva kashiamu. Komabe jini yoyambayo ili ndi mtundu wa m'minofu yosalala, monga nthutumba, umene kachidutswa ka EF-hand kanasinthidwa, ndipo nawonso samva. Dzina pa botolo ndi limodzi, khalidwe ndi losiyana. Alpha-actinin 1 wa mtundu womva kashiamu, amene tinabwera naye, anachepetsa mitolo, koma anafuna kashiamu wochuluka kuposa plastin. Mwa ma EF-hand ake anayi, limodzi lokha ndilo limagwira kashiamu, ndipo limagwira mofooka. Alpha-actinin 4 ndi wofunika ku impso: kusintha kwina m'jini yake kumapangitsa kuti agwire actin mopitirira muyeso, sefa ya impso n'kuyamba kutaya mapuloteni mumkodzo.

Masana tinakambirana za mitolo yabodza, chifukwa nsenga si umboni nthawi zonse. Puloteni yopangidwa m'mabakiteriya itanyamula GST, chogwirira chimene amailumikiza nacho kuti aiyeretse mosavuta, imanamiza, popeza GST amagwirana awiriawiri, ndipo puloteni ya dzanja limodzi imasanduka ya manja awiri. Dulani GST musanayese. Magnesium wopitirira 10 mM amamanga actin popanda puloteni iliyonse. Mankhwala a PEG ndi methylcellulose amachitanso chimodzimodzi pofinyiza timaulusi. Ndipo puloteni ya zibuma imatsika yokha. Muizunguze kaye payokha, komanso pa gel pakhale mzere wa puloteniyo popanda actin.

Villin, womanga mitolo winanso, tilibe, koma sitikanamudumpha mumzinda umene madokotala ake afufuza kwa zaka zambiri za kuwonongeka kwa matumbo a ana. Anthony Bretscher ndi Klaus Weber anamupeza mu 1979 m'tizala ta m'matumbo a nkhuku, ndipo chaka chotsatira anapezamo fimbrin, amene ndi plastin yemweyo. Kachala kalikonse kali ndi timaulusi 20 mpaka 30. Kashiamu akakhala wochepa villin amamanga. Akakwera, villin amatseka nsonga ya ulusi, ndipo akakwera kwambiri amaudula, chifukwa magawo ake asanu ndi limodzi ndi ofanana ndi a gelsolin, puloteni yodula actin. Mbewa zimene anazichotsa jini ya villin zimamerabe tizala, koma kashiamu akakwera actin wa m'tizalamo sagumuka monga achitira mwa mbewa zinzake. Pa kayesedwe kathu, villin wodula ndi plastin wotaya dzanja angaoneke mofanana pa liwiro lochepa, nsenga kusowa basi. Maikulosikopu ndiyo ingasiyanitse tizidutswa ndi timaulusi tatitali. Palinso EFHD2, amene kashiamu amamuthandiza kumanga m'malo momuletsa, kotero musaganize kuti EF-hand iliyonse imamasula mtolo.

Lachisanu, maselo

Tachoka m'kachubu kupita ku maselo omera pa galasi. Gulu lina la maselo linapatsidwa 1 µM ionomycin, mankhwala olowetsa kashiamu m'selo, kwa mphindi zisanu m'madzi okhala ndi 1.8 mM kashiamu, lina ionomycin yemweyo m'madzi a EGTA, lina DMSO yekha, amene amasungunuliramo ionomycin. Kuumitsa ndi 4% paraformaldehyde kwa mphindi 15, kuboola ndi 0.1% Triton X-100 kwa mphindi zisanu, kenako phalloidin wowala, amene amamatira pa ulusi wa actin, kwa theka la ola mumdima. Methanol musaigwiritse ntchito apa, imawononga malo amene phalloidin amagwira. Madzi otsukira asanaumitsidwe akhale ofunda ndiponso okhala ndi kashiamu ndi magnesium. PBS (madzi amchere otsukira maselo) yozizira yopanda zimenezi imakwinyitsa maselo musanayambe n'komwe.

Maselo a ionomycin ndi kashiamu anasintha maonekedwe moonekeratu, m'mphepete mutakwinyika. Wophunzira wina anafunsa mwaulemu kuti, "Ba dokotala, manje tinganene kuti ni plastin yachita ivi?" Yankho ndi ayi. M'selo kashiamu amadzutsa zambiri nthawi imodzi: gelsolin amadula ulusi, calmodulin amadzutsa myosin kuti akoke, calpain amadula mapuloteni ogwirizira selo pansi. Chithunzi cha phalloidin chikuonetsa zonsezo zitasakanikirana. Kuti munene za plastin yekha, mufunika maselo opanda jini yake, kenako kubwezeramo plastin wabwinobwino kwina, ndi plastin wa ma EF-hand osagwira kashiamu kwina. Pamafunikanso kuona kashiamuyo ndi Fluo-4, utoto umene umawala ukagwira kashiamu mukauunikira ndi kuwala kwa 488 nm, chifukwa ionomycin amakweza kashiamu paliponse m'selo kwa nthawi yaitali, pamene m'moyo weniweni amakwera pakamwa pa chitseko kwa kanthawi, n'kufika pamlingo woposa wa selo lonse. Mwina n'chifukwa chake puloteni yogwira kashiamu mofooka ngati alpha-actinin 1 ikhoza kumvabe ikakhala pafupi ndi khungu la selo.

Loweruka, pa siteshoni ya basi ya Intercity

Basi ya ku Chipata inyamuka m'bandakucha. Mabotolo awiri a EGTA atsala kuno mufiriji, aliyense atalembedwa pH, kutentha kumene pH inayezedwera ndi tsiku. Actin wosungunula watsala pa ayezi, agwiritsidwe ntchito sabata ino ndi ya mawa, osapitirira apo, ndipo ayezi asinthidwe m'mawa ndi madzulo. Chimene gulu la kuno lichite Lolemba ndi kudzaza mpata uja wa pakati pa 1.35 ndi 39 µM ndi HEDTA, timachubu tisanu ndi kamodzi, katatu pa masiku osiyana, n'kuyeza mizere ya gel ndi pulogalamu ya ImageJ kuti apeze pamene theka la mitolo ya L-plastin limamasukira. Mayi wa zipangizo uja wapatula shelefu imodzi ya mabotolo a pulasitiki, ndipo walembapo ndi cholembera chofiira kuti madzi a pa mpope asafikepo.